Denga Lolimba pa Galimoto Yotsegula Pamwamba: Kodi N'loyenera Kuligula?

(Nyimbo yotsegulira pulogalamu, kenako itsike pang'onopang'ono)

MUWULUTSI: Mu pulogalamu ya za galimoto lero, nkhani ili pa denga.

Mu Febuluwale 1989, pa chionetsero cha galimoto mumzinda wa Chicago ku America, kampani ya ku Japan ya Mazda inavundukula kagalimoto ka anthu awiri, kopepuka kosafika tani imodzi, kokhala ndi denga la lona lopindikira kumbuyo kwa mipando. Ku America anakatcha Miata, ku Japan Eunos Roadster, ku Ulaya MX-5. Kanayenda malonda zedi. M'chaka cha 2000 kanalowa m'buku la Guinness chifukwa panalibenso galimoto ina ya mipando iwiri yotsegula pamwamba yomwe inagulidwapo chotero, ndipo mu Epulo 2016 fakitale ya ku Hiroshima inatulutsa kokwanitsa 1,000,000.

Kagalimotoka kanali ndi katundu wina amene wogula ankasankha yekha kuwonjezera kapena kumusiya: denga lachiwiri, lolimba, lopakidwa utoto wofanana ndi galimotoyo, lokhala ndi galasi lenileni kumbuyo. Amalonda amalitcha hardtop. Silipindika ndipo sililowa m'buti. Anthu awiri amalinyamula, n'kulikhazika pamwamba lona itapindidwa, n'kulimanga ndi zokowera. Nyengo ikasintha amalichotsanso n'kukalisunga. Amene anathandizapo kukweza canopy pa Hilux akudziwa kale mtundu wa ntchito yake. Papita zaka zoposa 30, koma eni timagalimototi, kaya ku Tokyo, ku Manchester kapena ku Johannesburg, akufunsanabe funso limodzi: kodi denga limeneli n'loyenera kulitulutsira ndalama?

Nzeruyi sinayambe ndi Mazda. Mu 1955 Ford inatulutsa Thunderbird yomwe inkabwera ndi denga lolimba la fibreglass lotha kuchotsedwa, ndipo amene ankafuna la lona ndiye ankachita kuitanitsa. Oyendetsa anadandaula kuti m'mbali mwa dengalo munkatchinga, sankaona bwino zobwera cham'mbuyo. Chaka chotsatira Ford inaboola timawindo tozungulira mbali zonse ziwiri, ndipo timawindo timeneto ndi timene anthu amazindikirira galimotoyo mpaka lero. Chevrolet nayo inayamba kugulitsa denga lotere la Corvette mu 1956.

Koma amene anapita nalo patali ndi Ajeremani. Mu Malichi 1963, ku Geneva, Mercedes-Benz inaonetsa 230 SL. Denga lake lolimba, ntchito ya Paul Bracq ndi Béla Barényi, linali lodabwitsa: lolowa pakati, lokwera m'mbali. Kukwera m'mbaliko kunapatsa galimotoyo mawindo aatali, woyendetsa ankaona bwino mbali zonse ndipo sankawerama kwambiri polowa. Anthu anati likufanana ndi madenga a akachisi a ku Asia, n'kulitcha Pagoda, ndipo dzina la dengalo linameza dzina la galimoto yonse. Mu 1967 panatulukanso mtundu wina wotchedwa California Coupé umene unalibe lona n'komwe. Pamalo pa lona anaikapo kampando kakumbuyo. Mwini wake akasiya denga kunyumba, mvula n'kumupeza panjira, analibe chodzifunditsa. Galimoto za SL zomwe zinatsatira, ya 1971 mpaka 1989 ndi ya 1989 mpaka 2001, zonse zinkabwera ndi madenga awiri, ndipo la yomalizayi linali la aluminiyamu lolemera makilogalamu pafupifupi 34.

Mercedes inkawadziwa makasitomala ake. Anali anthu okhala ndi galaja, ena mpaka ndi zingwe zokwezera zomangidwa ku mitanda ya galajayo. Mfundo ya galaja imeneyi omvera aisunge, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

(Nyimbo pang'ono)

MUWULUTSI: Zabwino za denga lolimba zilipo ndithu, ndipo si zongokometsera malonda.

Choyamba chimene munthu amamva ndi bata. Lona ndi nsalu basi. Galimoto ikafika liwiro la makilomita 100 pa ola, nsaluyo imagwedezeka, mphepo imaliza likhweru m'mphepete mwa mawindo, lole iliyonse yodutsa imamveka ngati yalowa m'kati. Paulendo waufupi zimenezi n'zosangalatsa. Paulendo wa makilomita oposa 600, monga wochokera ku London kupita ku Glasgow, munthu amafika mutu ukuwawa. Denga lolimba silithetsa phokoso lonse, pakuti la matayala ndi la injini limatsalabe, koma anthu awiri amatha kucheza osakweza mawu.

Kenako pali galasi lakumbuyo, ndipo apa ndi pamene galimoto zakale zimapindula kwambiri. MX-5 yoyamba, ya 1989 mpaka 1997, inali ndi windo la pulasitiki lotsegula ndi zipi. Pulasitiki ameneyu akakalamba amachita chikasu, amakalika, ndipo kukazizira amauma moti kumupinda mosasamala kumamung'amba. Usiku kukugwa mvula, woyendetsa amangoona kuwala kwa magetsi a galimoto zakumbuyo osadziwa kuti zili patali bwanji. Denga lolimba lili ndi galasi lalikulu lokhotera m'mbali, ndipo madenga ambiri ali ndi timawaya totenthetsa tochotsa nthunzi. Kuyambira 1998 Mazda inayamba kuika galasi pa lona pomwe, koma ndi laling'ono poliyerekeza ndi la denga lolimba. Choncho galimoto ikakhala yakale, phindu la denga lolimba limakula.

Nkhani ya akuba njosavuta kuimvetsa. Lona imang'ambika ndi mpeni wa m'thumba. Wakuba woona chikwama pampando sachedwa, ndipo nthawi zambiri zimene wawononga zimaposa zimene watenga, chifukwa kusintha lona yonse ndi ndalama zambiri. Denga lolimba limamubweza wakuba wotere. Limasunganso kutentha nthawi yachisanu, limathandiza makina oziziritsa m'kati nthawi yotentha, ndipo limateteza lona ku dzuwa lomwe limaisulutsa mtundu ndi kudya ulusi wa m'misoko.

Pali chinthu chimodzi chimene denga limeneli silichita, ndipo chiyenera kunenedwa momveka chifukwa chikukhudza moyo wa munthu. Silinapangidwe kuti liteteze anthu galimoto ikagubuduzika. Zokowera zake zinapangidwa kuti ziligwire polimbana ndi mphepo, osati kuti zisenze kulemera kwa galimoto yogona chagada. Chitetezo cha galimoto yotsegula pamwamba chimachokera ku mizati ya galasi lakutsogolo ndi ku chitsulo chokhota cha kumbuyo kwa mipando, ngati chilipo. SL ya 1989 inali ndi chitsulo chotere chomwe chinkadzuka chokha m'masekondi 0.3 makina akazindikira ngozi, ngakhale denga lolimba lili pomwepo. A mipikisano ya galimoto nawonso amamanga khola la zitsulo m'kati, denga lili pamwamba. Wogula denga lolimba poganiza kuti wagula chitetezo cha pangozi wadzinamiza, ndipo ndi bodza loopsa chifukwa limalimbitsa mwendo pa mafuta.

(Nyimbo pang'ono)

MUWULUTSI: Tsopano zovuta zake. Zambiri mwa izo sizioneka tsiku logula.

Denga la MX-5 limalemera makilogalamu pafupifupi 20, la aluminiyamu la Porsche Boxster pafupifupi 25. Munthu wamkulu anganyamule zoposa pamenepo. Vuto ndi kukula kwake. N'lotambalala kuposa mita imodzi, lilibe pogwira pabwino, ndipo galasi lakumbuyo limalemetsa mbali imodzi. Woyesa kulichotsa yekha amakala utoto wa galimoto kapena kubenthula ngodya za dengalo. Pamafunika anthu awiri, wina uku wina uko, akunyamula limodzi ndi kuyenda cham'mbuyo mpaka litadutsa buti. Tanthauzo lake n'lakuti tsiku lililonse lofuna kulichotsa kapena kulibwezera, mwini galimoto ayenera kupeza womuthandiza.

Likachotsedwa lipita kuti? Kuligoneka pansi pa simenti kumawononga malabala a m'mphepete ndi ngodya zakumbuyo. Kuliyedzamitsa kukhoma popanda chochirikiza n'kuika galasi pangozi. Ena amagula choimikira cha timawilo, ena amalipachika ndi malamba pamwamba m'galaja. Zonsezi zimafuna malo ouma, otsekeka, kumene ana sasewerera.

Apa ndi pamene pali mfundo yovuta. Munthu amene amalifuna kwambiri denga lolimba ndi amene galimoto yake imagona panja, m'mbali mwa msewu, pamvula, pachisanu, pamaso pa akuba. Koma munthu yemweyo, amene mwina akukhala m'chipinda cha lendi pansanjika yachitatu ku Leeds, ndi amene alibe polisunga dzuwa likabwera. Amene ali ndi galaja yaikulu yolisungamo, galimoto yake imagona m'nyumba, lona yake siiona mvula ya usiku, ndipo kusowa kwake kwa denga lolimba n'kochepa. N'chifukwa chake madenga ambiri otere amathera mbali imodzi mwa ziwiri: ena amakhala pagalimoto chaka chonse osachotsedwa, ena amakhala pakona m'galaja zaka zambiri atafunditsidwa bulangeti.

Ndipo denga likakhazikika pagalimoto, chimene munthu anaigulira galimotoyo chimatha. Kukoma kwa MX-5 n'kwakuti mitambo ikang'ambika masana, woyendetsa amamasula zokowera, kukankhira lona kumbuyo, n'kupitiriza ulendo thambo lili pamutu. Pa MX-5 yatsopano, imene inatuluka mu 2015, zimenezi zimatheka ndi dzanja limodzi munthu ali pampando. M'maiko ozizira masiku okoma otere sapanga pangano. Limabwera tsiku limodzi lowala pakati pa sabata ya mvula, ndipo amene anamanga denga lolimba amangoliona tsikulo pawindo, chifukwa sangachotse denga pamalo oimika galimoto kuntchito n'kulisiya pamenepo. Uku ndiko kutaya kwenikweni, kuposa ndalama, ndipo wogula aliyense ayenera kukuganizira moona mtima asanapite kukalipira.

Lona yotsala pansi nayo imafuna chisamaliro. Ikapindidwa yonyowa n'kukhala miyezi ingapo, imachita chuku ndi kununkha. Ikakhalitsa yopindidwa imachita makwinya, windo la pulasitiki limasweka m'mapindo, ndipo ina imafupika moti kuikokera kutsogolo kuti itseke kumakhala nkhondo. Eni odziwa amaitsuka, kuiyanika bwinobwino, n'kuyala nsalu yofewa pa windolo asanaipinde. Malabala a denga lolimba nawonso, fumbi likalowa pansi pake, amakhula utoto wa kumbuyo kwa mipando pang'onopang'ono.

Chodabwitsa china n'chakuti denga lomwe limaletsa akuba limabedwa nalonso. Ku America kuba madenga a Miata ndi vuto lodziwika bwino pakati pa eni ake. Zifukwa zake n'zomveka. Denga limodzi limakwana pa mitundu iwiri yoyamba ya galimotoyi, ya 1989 mpaka 2005, choncho ogula ndi ambiri. Mitunduyi inasiya kupangidwa, madenga akucheperachepera. Ndiponso pali mpikisano wotchuka wotchedwa Spec Miata umene galimoto zake zimathamanga zitavala madenga olimba, popeza mphepo imadutsa bwino pamwamba pake. Zonsezi zakweza mtengo. Akuba awiri akangotsegula chitseko, amamasula zokowera n'kunyamula denga m'kanthawi kochepa. Eni ambiri tsopano amachotsa zokowerazo n'kuikapo timapuleti tachitsulo tomangidwa ndi mabawuti apadera osamasuka ndi sipanala wamba. Zimathandiza, koma zimatalikitsanso ntchito yolichotsa.

Kukwera mtengo kumeneku kuli ndi mbali yabwino. Denga lenileni la kufakitale likasamalidwa, silitsika mtengo msanga monga zida zina za galimoto. Woligula n'kuona kuti silikumuthandiza amatha kuligulitsa osaluza kwambiri. Madenga otsanzira opangidwa ndi makampani ena ndi nkhani ina: ena ndi abwino, koma ambiri amavuta kukwana, amadontha, ndipo windo lawo ndi la pulasitiki.

(Nyimbo pang'ono)

MUWULUTSI: Opanga galimoto analiona kalekale vuto la kosungira, ndipo anayesa kulithetsa popanga denga lolimba lodzipinda lokha n'kulowa m'galimoto momwemo. M'zaka za m'ma 1930 dokotala wa mano wa ku France, Georges Paulin, anatulukira njira imene Peugeot inagwiritsa ntchito pa galimoto zake za Eclipse. Ford inayesanso ndi Skyliner kuyambira 1957 mpaka 1959. Njirayi inadzafala kwenikweni Mercedes itatulutsa SLK mu 1996. Mazda inatsatira mu 2006 ndi MX-5 ya denga lodzipinda m'masekondi 12, lomwe linawonjezera makilogalamu pafupifupi 37 koma osalanda malo a m'buti, ndipo mu 2016 inabweretsa mtundu wotchedwa RF. Jeep inadzera kwina: kuyambira 2007 denga lolimba la Wrangler lili m'zigawo zitatu, ndipo ziwiri zakutsogolo munthu mmodzi amazichotsa n'kuziika kumbuyo, ngakhale chigawo chachikulucho chimafunabe anthu awiri.

Komabe lona sinagonje. Ya masiku ano imasokedwa mophatikiza nsalu zingapo, pakati pali zotchinga phokoso ndi kuzizira, kumbuyo kuli galasi lotenthetsa. BMW inabwerera ku lona pa Z4 ya 2018, Mercedes nayo pa SL ya 2021, chifukwa lona njopepuka ndipo siidya malo. Kwa mwini galimoto yatsopano, kusiyana kwa lona ndi denga lolimba kwachepa kwambiri moti funso la lero silimukhudza kwenikweni. Limakhudza eni galimoto zakale monga MX-5 zoyamba, Honda S2000, BMW Z3 ndi Boxster.

Kwa amenewa, yankho limatengera kumene munthu akukhala. Achibale amene ali ku Britain amadziwa kuti kuyambira Novembala mpaka Malichi kumakhala mvula, mdima ndi chisanu. Amene MX-5 yakale ndiyo galimoto yake yokhayo yopitira kuntchito m'miyezi imeneyi, ndipo ali ndi galaja kapena mnzake wodalirika womusungira denga m'chilimwe, agule, sadzanong'oneza bondo. Kumeneko denga lolimba limathandizanso pankhani ya dzimbiri. Madzi otsika pa lona amatulukira m'timipaipi ta kumbuyo kwa mipando, ndipo timipaipito tikatsekeka ndi masamba, madziwo amadikha m'munsi mwa zitseko n'kudya chitsulo. Denga lolimba limachepetsa madzi olowa m'njira imeneyo, ngakhale timipaipito tiyenera kutsukidwabe.

Ku Johannesburg ndi ku Pretoria nyengo njabwino miyezi yambiri, choncho kutseka galimoto yotere n'kuluza masiku ambiri okoma. Zimene zingamukankhe munthu kugula ndi matalala a masana m'nyengo ya mvula, amene amatha kuswa windo la pulasitiki lokalamba, ndiponso kumene galimotoyo imagona usiku. Yogona mumpanda pansi pa shedi siifuna denga lachiwiri.

Ku Malawi ndi ku Zambia galimoto zotere n'zochepa, ndipo misewu ya maenje ndi mahampu siigwirizana ndi galimoto yotsika chotero. Koma poti maikowa amayendetsa kumanzere monga Japan, ndipo galimoto zambiri zogwiritsidwapo kale ntchito zimachokera komweko kudzera padoko la Dar es Salaam, Roadster imapezeka pa mndandanda wa zogulitsa pa intaneti, ndipo ena amakopeka nayo. Kuno mdani wa lona si chipale chofewa. Ndi dzuwa la Okutobala, fumbi, mvula yamphamvu ya Januwale, ndiponso kusowa kwa mmisiri wodziwa kusoka ndi kukunga denga la mtundu umenewu. Lona ikang'ambika ku Lilongwe, yatsopano iyenera kuitanitsidwa kunja. Pachifukwa chimenechi denga lolimba lili ndi ntchito kuno kuposa momwe ambiri angaganizire, ndipo limaposa denga lodzipinda lokha, lomwe timainjini take ndi mawaya ake zikafa, wozikonza amasowa.

Chofunika ndi nthawi yoligula. Wofuna denga lolimba asankhe galimoto imene ili nalo kale isanakwere sitima. Likakhala pagalimoto silitenga malo owonjezera m'sitimamo. Kuliitanitsa palokha pambuyo pake kumafuna bokosi lalikulu lamatabwa, ndalama zonyamulira, msonkho, ndi mtima wolimba podikira kuona ngati galasi lafika lamoyo.

Amene wapeza denga logulitsidwa palokha, kaya ku Durban kaya ku Birmingham, apite ndi galimoto yake akaliyese pomwepo. Denga la MX-5 ya 1995 silikwana pa ya 2008. Aone ngati galimoto yake ili ndi mabawuti awiri a pamwamba kumbuyo kwa mipando amene denga limakoweramo, zogwirira za m'mbali, ndi pulagi ya timawaya totenthetsa galasi, chifukwa si galimoto zonse zinatuluka nazo kufakitale. Apapase malabala onse ngati sanaume kapena kung'ambika, ayang'ane ngodya zakumbuyo ngati zilibe ming'alu yobisidwa ndi utoto watsopano. Wogulitsa amene sangafotokoze kumene analitenga, kapena amene mtengo wake watsika mokayikitsa, ndi wofunika kumusiya, pakuti madenga obedwa amathera m'manja mwa ogula otere. Akalimanga, wina akhale m'kati zitseko ndi mawindo zitatsekedwa, mnzake athire madzi ndi paipi kwa mphindi zingapo pamwamba pa galasi lakutsogolo ndi m'mphepete mwa mawindo. Ngati madzi alowa, mtengo wa malabala atsopano uchotsedwe pa mtengo wa dengalo asanapereke ndalama.

(Nyimbo yotsekera)